Tchuthi chafika, nanga nsomba zidya chiyani?

Amene munaphunzira Biology kwa ine mukuikumbukira thanki yagalasi ija ili pakona mu labu. Teremu ikamatha, funso limakhala lomwelo: sukulu ikatsekedwa, nsomba zija azidyetsa ndani? Mmodzi wa inu, amene pano ali ku Johannesburg, ananditumizira yankho mu 2022: timabuloko toyera timene amati ukaponya m'madzi timadyetsa nsomba masiku 7 kapena 14 iwe kulibe. Mwana wanga, mphatso ndinalandira ndi manja awiri, koma lero ndikuti timabulokoti musamatikhulupirire.

Buloko yoyerayo kawirikawiri imapangidwa ndi calcium sulphate, yemwe uja amaumbira chikhakha munthu akathyoka mkono, amenenso amapezeka mu choko chambiri chimene timalembera pabolodi. Chakudya amachisakaniza m'katimo. Buloko ikamasungunuka pang'onopang'ono, tizidutswa ta chakudya timatuluka. Nzeru yake ndi yabwino papepala. Vuto ndi loti buloko siidziwa ngati nsomba zili ndi njala kapena ayi, imangotulutsa basi. Zimene nsomba zasiya zimawola, ndipo chowola chimatulutsa amoniya, poizoni amene amawotcha ziwalo zimene nsomba zimapumira. A Fomu 3, nitrogen cycle ija munkati ndi ya mayeso chabe, ndi imeneyi. Mabakiteriya okhala mu fyuluta ndi amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite kenako nitrate, koma amafuna madzi oyenda ndi mpweya. Magetsi akathima, pampu imaima, iwonso ntchito imaima. Buloko yokha ndi imene siima.

Ndi zimene zinandichitikira pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chimenecho. Ndinaponya buloko, ndinatseka labu, ulendo wa kumudzi. Kunja kukutentha, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Pobwera ndinapeza madzi ali mbuu ngati wathiramo mkaka, fungo losaneneka, mbuna zinayi mwa khumi zitayandama. Mimba zawo sizinali zofota ayi. Sizinafe ndi njala.

Timaiwala kuti nsomba si mwana wa sukulu yogonera konko amene amadandaula nsima ikachedwa theka la ola. Thupi la nsomba silidzitenthetsa lokha ngati lathu, choncho silifuna chakudya chambiri. Nsomba yaikulu, yathanzi, imatha sabata yathunthu, ngakhale awiri, osadya. Mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi ndiye umboni weniweni: yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, nthawi yonseyo osadya kwenikweni. Komanso mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, monga munaonera ku Cape Maclear, ndiye m'thanki imene miyala yake yamera ndere zimapeza kotola.

Ena mundiuza kuti munagwiritsapo ntchito ndipo sizinavute. Sindikutsutsa. Thanki ikakhala yaikulu, nsomba zochepa, magetsi osathima, zimatheka. Tiana ta nsomba natonso sitingapirire njala ngati zazikulu, apo ndikuvomera. Koma ngati mwaumirira, yesani bulokoyo muli pomwepo, muone ngati nsomba zanu zikuidya n'komwe.

Ine masiku ano ndimachita chonchi. Kutatsala masiku awiri kuti titseke, ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthira ena abwino. Tchuthi chikakhala cha sabata imodzi, sindisiya kalikonse. Chikakhala chachitali, ndimakulunga chakudya pang'ono m'timapepala, kalikonse tsiku lake nditalemba, kawiri pa sabata, n'kupatsa a mlonda. Botolo lonse ndimakhomera mu ofesi, chifukwa bambo amenewa ndi achifundo kwambiri: amati nsomba zikabwera pagalasi zimakhala zikuwapempha.