Misonkhano ya mu hotela, madzi a mu Kafue

Yambitsani nkhani ya misonkhano ya mabungwe omwe si a boma mu minibasi yocoka pa Kulima Tower, muone. Musanafike komwe mupita, wina adzakhala atakuyankhani kale, ati aja ni akudya cabe, amakumana mu hotela, amwa tiyi, asaina alawansi, basi nkhani yatha. Mauwa ali ndi kacoonadi kake. Koma munthu wa mu Lusaka asafulumire kuseka, cifukwa zimene zimakambidwa mu maholo amenewo, za migodi, ufulu wa anthu ndi kuonongeka kwa cilengedwe, zimakhudza cigubu ca madzi cimene cili kuseri kwa citseko cake.

Gawo lalikulu la madzi a mu mipopi ya mu Lusaka limacokera mu mtsinje wa Kafue. Amawapopa ndi kuwayeretsa pa Iolanda, kufupi ndi tauni ya Kafue, asanabwere kuno mu mapaipi. Mtsinje womwewo umayamba wadutsa pakati pa migodi ya ku Copperbelt. Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungiramo zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi linagumuka. Malipoti oyamba anati malita okwana 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu Mwambashi, kamtsinje kamene kamathira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya cimanga ndi nshawa inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe anautsekera madzi kwa masiku. Boma linacita kutumiza ndeke za asilikali kukathira laimu mu mtsinje kuti asidi acepe mphamvu. Kampaniyo inapepesa.

Zimene zinatsatira ndizo ziyenera kutidetsa nkhawa kwambiri. Kampani ya ku South Africa yochedwa Drizit, imene inalembedwa nchito yofufuza kukula kwa ngoziyo, inati zinyalala zimene zinataika zinapitirira matani 1.5 miliyoni. A Sino-Metals anakana zimenezo ndipo pangano la nchitoyo linathetsedwa. Mu Ogasiti caka comweco, ofesi ya kazembe wa America inauza anchito ake kuti acoke ku Kitwe ndi madera ozungulira. Boma lathu linayankha kuti madzi ali bwino ndipo palibe cifukwa coopera. Manje mai wogulitsa repu pa msika wa Chisokone akhulupirire ndani? Alibe makina opimira madzi, alibe loya, ndipo dimba lake limadalira mtsinje womwewo.

Apa ndi pamene mau akuti malonda a dziko lonse amaonekera tanthauzo lake. Mwini weniweni wa Sino-Metals ndi kampani ya boma la China. Mtengo wa mkuwa wathu amaupanga pa msika wa zitsulo ku London. Mkuwawo umathera mu mawaya a magetsi, mu mafoni ndi mu magalimoto oyendera batire a ku maiko ena. Phindu limakwera ndeke, koma matope a asidi alibe pasipoti, amatsala pomwepo. Ndipo ciweruzo naco nthawi zambiri cimatsatira komwe kwapita ndalama.

Onani za ku Chingola. Mu 2015, anthu 1,826 a ku Shimulala, Hippo Pool, Hellen ndi Kakosa anasumira Konkola Copper Mines pamodzi ndi mwini wake, Vedanta, ku khoti la ku England, ponena kuti madzi ocokera ku mgodi wa Nchanga anaononga mitsinje ndi minda yao. Vedanta inalimbikira kuti mlanduwo ukambidwe kuno ku Zambia. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti upitirire ku London. Cimodzi mwa zifukwa zake ciyenera kuticititsa manyazi: oweruza anaona kuti anthu osauka ngati amenewa sakanapeza cilungamo cokwanira kuno kwao, popeza analibe ndalama zolipira mlandu waukulu conco, ndipo malamulo athu sanali kulola kuti loya agwire nchito pa pangano loti adzalipidwa mlandu ukapambana. Mu Januwale 2021 kampaniyo inavomera kulipira anthu oposa 2,500, ngakhale sinavomere kuti inalakwa. A Chilekwa Mumba, amene anayenda mu midziyo kusonkhanitsa anthu ndi umboni, analandira mphoto ya Goldman mu 2023.

Ku Kabwe nkhani ikali panjira. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu likali mu nthaka ya ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, kumene ana amasewera. Mtovu umaononga bongo wa mwana, ndipo cimene caonongeka sicibwerera. Mu Okutobala 2020 maloya anakasuma ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi azimai pafupifupi 140,000, akuloza cala kampani ya Anglo American ya ku South Africa. Kampaniyo imakana, imati inali ndi gawo locepa cabe mu mgodiwo ndipo sindiyo inali kuuyendetsa. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upite patsogolo monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilu. Mwana amene anali mu giredi 1 pamene mlandu unayamba, lero ali pafupi kutsiriza pulaimale.

Nanga misonkhano ya mabungwe ilowa pati? Ciyambi cake cinali comveka. Caka ciliconse eni migodi, a mabanki ndi nduna za maboma amakumana ku Cape Town pa Mining Indaba, kumene khomo lokha limadula kuposa malipiro a pamwezi a anthu ambiri a kuno. Mu 2010 macalichi ndi mabungwe anayamba msonkhano wao pambali, Alternative Mining Indaba, kuti anthu okhala pafupi ndi migodi naonso amveke. Kuno kwathu kunabadwa Zambia Alternative Mining Indaba, mmene a Council of Churches in Zambia ndi anzao akhala akusonkhanitsa anthu a ku madera a migodi, mafumu ndi akuluakulu a boma.

Kunena kuti zonsezi zilibe phindu kungakhale kunama. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2019 linabwezeretsa nkhani ya ana a ku Kabwe pa masamba oyamba a manyuzipepala. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata ndi uthenga ku maofesi a boma, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu Disembala 2023, linabwera patapita zaka zoposa 20 mabungwe monga MISA Zambia ndi JCTR akulipempha, boma lina kucoka, lina kulowa. Ni nchito yocedwa, yotopetsa, imene siioneka pa TV, koma inabala cipatso.

Vuto lili pa kacitidwe. Monga mtolankhani ndakhalapo pa misonkhano yotere mu mahotela a kuno mu tauni. Pa wina umene ndikumbukira bwino, okamba onse a m'mawa anali a masuti, cizungu cokhacokha, zithunzi pa khoma, mau aatali amene ngakhale ife a ku koleji tinali kuyang'anana. Anthu amene anabwera ndi basi usiku wonse kucokera ku dera la mgodi anawaika kumbuyo, ndipo anawapatsa maikolofoni cakudya ca masana citayandikira, anthu ayamba kale kuyang'ana ku khomo. Madzulo kunawerengedwa cikalata ca mfundo: boma lilimbitse malamulo, makampani alemekeze ufulu wa anthu. Ndani angatsutse zimenezo? Palibe. N'cifukwa cake palibenso amene zimamusowetsa tulo. Mfundo yopanda dzina la ofesi, yopanda tsiku, yopanda munthu woitsatira, imathera mu kabati.

Yerekezani ndi zimene zinagwira nchito ku Chingola: maina a anthu, malo a minda, mabotolo a madzi opimidwa, maloya. Kampani siiopa cikalata ca mfundo. Imaopa umboni umene ungaimirire pamaso pa woweruza.

A boma ndi a migodi ali ndi yankho lao, ndipo si lopanda nzeru. Mkuwa ndiwo umabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zakunja zimene dziko limapeza pa malonda. Kwacha ikagwa, mtengo wa unga ndi mafuta umakwera mu Kanyama ndi Mtendere momwe. Boma likufuna kuti pofika 2031 tizikumba matani 3 miliyoni pa caka, pamene mu 2024 tinakumba oposa pang'ono 800,000. Acinyamata a ku Copperbelt ndi Solwezi afuna nchito, osati misonkhano. Zonsezi n'zoona. Koma mkuwa ukaculuka katatu, zinyalala ndi madamu ozisungira nazo zidzaculuka. Funso n'lakuti ndani adzaziyang'anira, ndipo ali ndi anthu angati, magalimoto angati ndi makina otani.

Pa pepala sitili osauka. Lamulo loyang'anira cilengedwe la mu 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limanena kuti munthu aliyense wokhala mu Zambia ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, otetezeka ndi osaononga thanzi. Koma mwai woika ufulu woterewu mu gawo la maufulu a anthu la malamulo aakulu a dziko unatipita mu 2016, pamene referendamu inalephera cifukwa ovota sanakwane ciwerengero cofunika. Ambiri a ife tinaponya voti ya pulezidenti tsiku lomwelo osadziwa kuti pepala linalo likamba ciani. Pamenepo mabungwe, andale ndi ife a nyuzi tonse tinalephera kufotokozera anthu mu cilankhulo cao.

Conco msonkhano wotsatira usadzayesedwe ndi kuculuka kwa anthu kapena kukoma kwa cakudya. Udzatuluke ndi zinthu zogwirika. Coyamba, zotsatira za kupima madzi a mu Kafue, kuyambira ku Chingola kufika pa Iolanda, zizilengezedwa mwezi ndi mwezi pa wailesi mu Cibemba, Citonga ndi Cinyanja, ndipo mabungwe azipimanso paokha kuti tiyerekeze. Caciwiri, agwiritse nchito lamulo latsopano lija kupempha mndandanda wa madamu onse a zinyalala za migodi ndi tsiku limene lililonse linayenderedwa komaliza. Akakanizidwa, atiuze ofesi imene yakana. Cacitatu, pakhale thumba lothandiza anthu osauka kuimba milandu ya cilengedwe mu makhoti athu, kuti mlimi wa ku Chambishi asadikire loya wa ku London. Ndipo misonkhano ina icoke mu Lusaka, ikacitikire ku Makululu ndi ku Kalusale, oyamba kukamba akhale eni nkhani.

Ife a mu tauni nafe tili ndi mbali yathu. Timadziwa kukangana pa bilu ya madzi ndi kudandaula pompi ikauma masiku atatu, koma sitifunsa kuti madziwo adutsa kuti asanafike. Khansala wanu ndi phungu wanu ali ndi ofesi. Kafunseni liti madzi a mu Kafue anapimidwa komaliza, ndipo akuonetseni pepala.