Tijambule Mitsinje Yathu Isanaume

Salomon van Ruysdael adali katswiri wojambula ndi utoto mumzinda wa Haarlem ku Netherlands, ndipo adamwalira mu 1670. Iye adatchuka pojambula mitsinje ya kwawo: bwato likuwolotsa anthu ndi ng'ombe, mitengo italiitali m'mphepete mwa madzi, nsanja ya tchalitchi chapatali, ndi mitambo pamwamba. Chimodzi mwa zithunzi zotere, cha mu 1649, chikusungidwa ku National Gallery of Art mumzinda wa Washington. Papita zaka zoposa 370, koma aliyense angathe kuona momwe dziko lakelo linkaonekera.

Funso lathu n'lakuti, kodi ndani akujambula mtsinje wa Lwasozi ku Embangweni, kapena South Rukuru umene umadutsa m'boma la Mzimba? Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yathu ikuthera ku makala, ku uvuni wa njerwa ndi ku madimba olimidwa mpaka m'madzi. Mwana wobadwa lero adzayesa kuti mchenga ndi zigwembe ndiye chibadwa cha mtsinje.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tili ndi mbali yathu. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma kawirikawiri limasanduka nthawi yokopera manotsi. Tikunena kuti ana atuluke m'kalasi, akakhale pagombe ndi pepala. Mwana sangajambule mkuyu asanauyang'anitsitse, ndipo akauyang'anitsitsa sangakhale chete tsiku lomwe nkhwangwa idzaufike.

Ena mumpingo amaopa kuti zojambula zimaphwanya lamulo lachiwiri. Lamulolo limaletsa kupanga mafano owagwadira. Ku Netherlands komweko, mu 1566 anthu adaphwanya mafano m'matchalitchi, ndipo pambuyo pake matchalitchi a Chipulotesitanti adakhala opanda zithunzi. Koma luso silidafe. Ojambula ambiri adatembenukira ku mitsinje, minda ndi mitambo, ndipo anthu wamba ankagula zithunzizo n'kukoleka m'nyumba zawo. Ife osunga Sabata, tsiku lokumbukira chilengedwe, tiyenera kukhala oyamba kuyang'anitsitsa ntchito za Mlengi.

Ena amati utoto ndi wodula. N'zoona, koma makolo athu adajambula pamatanthwe a ku Chongoni ku Dedza ndi dothi lofiira ndi loyera, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse. Makala a pamoto, dothi la katondo ndi katoni yakale n'zokwanira poyambira.

Tikapita kokayeserera kuphunzitsa, aliyense wa ife asankhe mtsinje wapafupi ndi sukulu yake. Ana aujambule, alembe dzina lake ndi tsiku, ndipo zithunzizo zisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Pakatha zaka zisanu kalasi ina idzajambule malo omwewo, kenaka zithunzi ziwirizo akazionetse kwa makolo ndi mafumu pamsonkhano wa sukulu.