Bulauzi Yosokedwa Pakhomo

Caka ciri conse, mwezi wa February ukamapita kumapeto, anthu ambiri a ku Kasenengwa ndi a ku Chipata akonzekera ulendo wa ku Mtenguleni, kumene Angoni a Mpezeni acita mwambo wa Nc'wala. Masiku amenewo atelala acurukidwa nchito. Mai amene anagula citenje cake ndi ndalama za nshawa apereka nsaluyo kwa telala kuti amsokere bulauzi, nauzidwa kuti abwere mawa. M'mawa mwake auzidwanso mau omwewo, kufikira tsiku la ulendo likwana nsaluyo ikali pamulu. Komatu m'nyumba mwa mai yemweyo muli mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga, kuwonkhetsa ndi kugawa. Mwanayo akadadziwa kusoka potsata pateni, amake akadapita ku mwambo atabvala catsopano, ndipo ndalama za telala zikadagula sopo ndi mcere. Cifukwa cake nkoyenera kuti mwana ali yense aphunzire luso limeneli asanatsirize sukulu ya pulaimale.

Kudzipangira zobvala si cinthu cacilendo m'dziko lino. Kale Acewa anali kusenda khungwa la mombo, nalisula mpaka lifewe, nalibvala; ena anali kupota thonje ndi kuomba nsalu. Angoni anali kufufuta zikopa. Nsalu za m'sitolo zinafala pambuyo pake, maka-maka pamene amalonda anamanga masitolo ao ku Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata. Nawo makina osokera ndi acinyamata poyerekeza ndi singano. Isaac Singer wa ku America analembetsa makina ake m'caka ca 1851. M'caka ca 1863 telala wina wa dziko lomwelo, dzina lake Ebenezer Butterick, anayamba kugulitsa mapateni a pepala a misinkhu yosiyana-siyana, ndipo mu 1866 anaturutsanso mapateni a zobvala za akazi. Kuyambira pamenepo mkazi wamba anakhoza kudula nsalu pakhomo pake monga adulira telala, pakuti nzeru ya telala inali italembedwa papepala.

Pateni ndi pepala lodulidwa molingana ndi zigawo za cobvala: cigawo ca kutsogolo, ca kumbuyo, ndi ca mkono. Munthu angathe kuigula, koma angathenso kuipanga yekha ndi nyuzipepala yakale kapena pepala lokulungira katundu. Njira yapafupi ndiyo kutenga bulauzi yakale imene idamkhala bwino mwini wake, kuisosola misoko mosamala, kusita zigawo zake ndi nsimbi, ndi kuzilemba papepala. Njira ina, imene iposa yoyambayo, ndiyo kuyesa thupi ndi tepi.

Poyesa thupi, wosoka azunguliza tepi pacifuwa ndi m'ciuno. Ayesa kucokera paphewa kufikira pamene bulauzi idzalekezera. Ayesa kutambasuka kwa mapewa ndi kutalika kwa mkono. Miyeso yonse ailemba m'kabuku, pakuti mutu uiwala msanga. Tsono masamu ayamba. Ngati cifuwa ca mai ciri masentimita 92, wosoka awonjezapo masentimita 8 kuti mai akhoze kupuma, kusinja ndi kusenza mtsuko bulauzi osamthina. Zonse pamodzi zikhala masentimita 100. Cigawo ca kutsogolo citenga 50, ca kumbuyo 50. Popeza nsalu idulidwa itapindidwa pawiri, papepala palembedwa theka cabe la cigawo ciri conse, ndiwo masentimita 25. M'mbali monse modzapita msoko asiyamo sentimita imodzi ndi theka, ndipo kunsi asiyako pang'ono mopitirira kuti apinde mpendero. Mwana amene afunsa kuti masamu a kugawa ali ndi nchito yanji, yankho lake alipeza pomwepo.

Nsalu isanadulidwe iyenera kucapidwa, kuyanikidwa ndi kusitidwa. Nsalu ya thonje ikhwinyata ikalowa m'madzi koyamba, ndipo bulauzi yodulidwa pa nsalu yosacapa ithina tsiku loyamba kuicapa. Citenje cimodzi ca mamita 2 cikwanira bulauzi ya mikono yaifupi. Wosoka acipinda pawiri m'litali mwake, mbali yokoma iri m'kati, nayala mapepala pamwamba pake, nawagwiritsa ndi mapini. Pano afunika maso. Zitenje zambiri ziri ndi maluwa, mbalame kapena mau, ndipo pepala likayalidwa cozondoka, mbalame za kumsana ziuluka miyendo m'mwamba pamene za kutsogolo ziri ciriri. Akakhutira kuti zonse zayang'ana kumodzi, alemba ndi coko, nayesanso kaciwiri, ndipo pamenepo ndi pamene agwira sizasi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Msoko wolakwika usosoledwa, koma nsalu yodulidwa molakwika siibwerera.

Atadula, asayambe wasoka kweni-kweni. Ayambe walumikiza zigawozo ndi misoko ikulu-ikulu ya ulusi woyera, yosabvuta kusolola, ndipo mwini wake ayese kubvala. Ngati pakhosi pacepa kapena m'khwapa mwathina, nthawi yokonza ndi yomweyo. Pambuyo pake asoka mapewa, nakonza khosi, nalowetsa mikono, natseka m'mbali kuyambira kumkono kutsikira m'ciuno, napinda mpendero. Msoko uli wonse ausita asanayambe wina. Pepala lija salitaya ai. Alembapo dzina la mwini wake, nalisunga m'buku kapena pansi pa mphasa, pakuti lidzagwiranso nchito caka camawa.

Alipo anthu amene atsutsa zimenezi, ndipo mau ao sali opanda nzeru. Oyamba anena kuti salaula ndi wochipa: munthu apita ku msika wa Kapata, nasankha bulauzi pamulu, nabwerera tsiku lomwelo osabaya cala ndi singano. Izi nzoona, ndipo salaula wabveka mabanja ambiri amene akadasauka usiwa. Palibe cifukwa comunyozera. Koma bulauzi ya pamulu inasokedwera mkazi wina wa dziko lina, wa msinkhu wina. Kawiri-kawiri ikhala yaikulu m'mapewa ndi yothina pacifuwa, kapena nsalu yake ikhala yotentha kwambiri pa dzuwa la October. Wodziwa pateni apindula ngakhale pa salaula yemweyo, pakuti agula cobvala cacikuru pa mtengo wocepa, nacidula, nacisandutsa bulauzi ya amake ndi kamalaya ka mng'ono wake. Wosadziwa abvala cimene wapeza basi.

Aciwiri anena kuti kusoka ndi nchito ya telala, ndipo kusoka pakhomo ndiko kumlanda nsima. Koma telala ali ndi nchito zimene munthu wa pakhomo sangazithe, monga majekete, masuti ndi madiresi a ukwati. Ndiponso midzi yambiri ya ku Kasenengwa iri kutali ndi tauni. Mai wopita kwa telala alipira ulendo wokapereka nsalu, ulendo wokayesa, ndi ulendo wokatenga, nasiya munda masiku atatu. Cinanso n'cakuti telala ali yense anayambira pa kanthu kakang'ono. Mwana wosoka bulauzi ya amake lero ndiye adzakhala ndi makina ake pakhonde la sitolo mtsogolo, nasokera mudzi wonse mayunifomu a sukulu.

Acitatu anena kuti pakhomo pao palibe makina. Makina afulumiza nchito, koma sapereka nzeru. Anthu anabvala zosokedwa zaka zikwi zambiri Singer asanabadwe. Msoko wa manja wobwerera m'mbuyo, ukasokedwa waung'ono ndi wolingana, ulimba monga wa makina. Bulauzi imene makina aitsiriza tsiku limodzi, manja aitsiriza m'masiku ocepa a madzulo, ndipo m'cilimwe, anthu atakolola, nthawi yotere siisowa. Zofunika ndizo singano, ulusi, tepi, sizasi ndi mapini, ndipo mabanja awiri kapena atatu angathe kusonkherana sizasi imodzi yabwino. Sizasi imeneyo isadulire pepala kapena tsitsi, cifukwa ibuntha msanga.

Aliponso anyamata amene aseka, nati singano ndi ya atsikana. Anyamata otere ayang'ane m'makonde a masitolo ndi m'misika, ndipo adzaona amuna ambiri atakhala pa makina, akudyetsa ana ao ndi nchito yomweyo. Mnyamata amene asokera amake kapena mlongo wake bulauzi sanatsike ulemu. Wacita cimene acita mwana wolongosoka.

Pali cifukwa cina cacikuru koposa zonsezi. Cigawo ca Kum'mawa cilima thonje lambiri, ndipo ana a sukulu alidziwa bwino, pakuti athandiza makolo ao kulithyola m'nyengo yacisanu. Thonjelo lipita ku makina ocotsa njere, ndipo lambiri lituruka m'dziko lisanasanduke nsalu. Kuyambira m'caka ca 1991, pamene boma linatsegula malonda ndi maiko akunja, zobvala zocokera kunja zinacuruka, ndipo mafakitale ambiri a nsalu ndi a zobvala, monga a ku Livingstone ndi ku Ndola, anatsekedwa. Amisiri ambiri anasiya nchito, ndipo luso lao linayamba kuzilala. Mwana wa ku Kasenengwa sangathe kutsegula fakitale. Koma angathe kusunga nzeru ya kuyesa, kudula ndi kusoka, kuti anthu olima thonje asakhale anthu osadziwa kusandutsa nsalu kukhala cobvala. Dziko likafuna kuutsanso nchito za nsalu, lidzafuna manja ozolowera kale.

Cotero mwana wofuna kuyamba asadikire kuti akule, pakuti m'mera mpoyamba. Ayambe ndi nsalu yakutha imene palibe adzailira ikaonongeka, naphunzirepo kusoka mzere woongoka. Kenaka apange pateni yaing'ono ya mwana wakhanda. Pamene cinthu camkanika afunse aphunzitsi, agogo ake, kapena amai a m'mudzi odziwa kusoka, pakuti safunsa anadya phula. Akatero, tsiku lidzafika lakuti amake adzampatsa citenje catsopano mopanda mantha. Bulauzi yoyambayo mwina mpendero wake udzakhota pang'ono, ndipo mkono wina udzaposa unzake ndi cala cimodzi. Yaciwiri idzakhala bwino kuposa yoyamba, cifukwa pepala lija lidzakhala litakonzedwa pomwe panalakwika.

Mafunso

1. N'cifukwa ninji nsalu ya thonje iyenera kucapidwa isanadulidwe?
2. Ngati cifuwa ciri masentimita 84, ndipo pawonjezedwa masentimita 8, kodi papepala padzalembedwa masentimita angati?
3. Kodi wodziwa kusoka apindula bwanji ndi salaula?
4. Ndi mau ati a otsutsa amene ali amphamvu koposa, ndipo angayankhidwe motani?