Dzino likavuta, kuzula si njira yokhayo

Sabata ino tikambe za dzino. Munthu akachezera usiku atagwira tsaya, mawu ake oyamba pofika kwa dokotala amakhala akuti: "Ingozulani!" Koma dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso, chonsecho ena mwa mano amene timazulitsa akanatha kupulumuka. Chithandizo chake madokotala amachitcha root canal, kutanthauza kutsuka ndi kutseka mizu ya dzino.

Dzino si lolimba mpaka pakati ngati mwala. M'kati mwake muli kachipinda momwe mumakhala mnofu wofewa, mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Kuchokera m'kachipindamo mumatsika tinjira topyapyala totsata mizu mpaka m'nsagwada. Dzino lakutsogolo kawirikawiri limakhala ndi kanjira kamodzi, pomwe lachibwano limakhala ndi titatu kapena tinayi. Tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga timatulutsa asidi amene amaboola dzino. Bowolo likafika m'kachipinda muja mnofu umatupa, koma poti wazunguliridwa ndi khoma lolimba, umasowa kotupira. Ndiye ululu wogunda ngati ng'oma uja.

Pali msampha apa. Nthawi zina ululuwo umangosiya wokha, munthu n'kumati wachira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mtsempha wafa, koma tizilombo tikutsikabe ndipo mafinya ayamba kusonkhana kunsonga kwa muzu. Makapisozi ogula pagolosale sangathetse vutoli, chifukwa m'dzino lakufa simufikanso magazi onyamula mankhwala. Kuika asipirini pa dzino nako kumangowotcha usinini.

Nanga mukakhala pampando wa dokotala muyembekezere zotani? Choyamba amajambula dzinolo ndi ekisireyi kuti aone mizu. Kenako amakubayani jakisoni wochititsa dzanzi pa usinini. Simugona ayi, mumamva kuti pakugwiridwa ntchito, koma simuyenera kumva ululu. Mukaumva kwezani dzanja, awonjezere mankhwala. Madokotala ambiri amatchinga dzinolo ndi kampira kopyapyala kuti malovu asalowemo.

Akatero amaboola pamwamba pa dzino, n'kuchotsa mnofu wowonongeka uja ndi tizitsulo tonga singano. Kanjira kalikonse amakapala n'kukatsuka ndi mankhwala opha tizilombo. Tinjira tikayera amatitseka ndi timitengo tofewa ta gutta-percha, topangidwa ndi utomoni wa mitengo ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo, kenako n'kumata bowo lija.

Ntchitoyi imadya nthawi. Ulendo umodzi ungatenge ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo dzino lachibwano kapena la mafinya lingafune maulendo awiri kapena atatu. Pakati pa maulendowa dokotala amasiya mankhwala m'dzinomo n'kumata mongoyembekezera. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Poona kuti ululu watha sabwererakonso, zomata zija zimagamphuka, tizilombo n'kulowanso, mapeto ake dzino lomwe analilipirira n'kuzulidwa ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malizani maulendo onse.

Mukafika kunyumba musadye kanthu mpaka dzanzi litatha, kuopa kudziluma lilime kapena tsaya. Kwa masiku angapo dzinolo limamva kuwawa mukalumira, ndipo izi si zachilendo. Panado kapena bulufeni, monga momwe dokotala wakuuzirani, amakwanira. Nzimbe, chimanga chokazinga ndi mafupa zidikire kaye. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, tsaya likatupa kapena thupi likatentha, bwererani msanga. Kutupa kukafika kukhosi n'kumavuta kumeza kapena kupuma, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku.

Dziwaninso kuti dzino lotere limakhala litafooka, chifukwa kubooka kuja ndi kupalidwa kumalidya. Lachibwano makamaka limafuna kuvekedwa chisoti cholimba, chomwe amachitcha crown, kuti lisang'ambike potafuna. Likavekedwa ndi kusamalidwa bwino lingakutumikireni zaka zambirimbiri.

Tisabisane, chithandizochi n'chokwera mtengo kuposa kuzula, ndipo sichipezeka paliponse. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Komanso dzino long'ambika mpaka kumuzu kapena lotheratu silingapulumuke, ndipo kuzula kumakhala koyenera.

Koma kuzula nako kuli ndi mtengo wake wobisika. Mano oyandikana ndi gwerulo amapendekera komweko, la m'mwamba kapena m'munsi mwake limasowa lolumana nalo, ndipo kutafuna kumayamba kuvuta. Kuika dzino lochita kupanga kumafunanso ndalama.

Choncho musanatsegule pakamwa kuti azule, funsani mafunso atatu: Kodi dzinoli lingapulumuke? Ndalama zonse pamodzi ndi chisoti ndi zingati? Ndibwera maulendo angati? Ngati pamalopo sachita, akuuzeni komwe amachita. Ndipo mukaona kabowo kakang'ono, kapena dzino likamanyerenyetsa mukamwa madzi ozizira, pitani lisanayambe kukugonetsani pansi. Kumata kabowo n'kotsika mtengo kuposa zonse takambazi.