Kutchula dzina si kuitana

Adzukulu anga a ku Ulónguè ndi ku Domue amene mwayamba kulemba mapulogalamu a pa intaneti, tcherani khutu. Mdzukulu wanga anapanga tsamba loti alimi a kachewere m'mudzi mwathu azitumizirapo mtengo wa thumba kwa ogula a ku Tete ndi a kumalire ku Calómue. Tsamba likangotseguka, uthenga unkapita wokha, mtengo usanalembedwe n'komwe. Mlimi akadina batani, zii. Mwanayo anachezera usiku uwiri osafunsa munthu, akuti laputopu yakalamba. Paja safunsa anadya phula.

Cholakwa chinali timabulaketi tiwiri. Iye analemba batani.onclick = tumiza() pomwe pankafunika batani.onclick = tumiza basi.

Taganizirani izi: tsiku lokumba kachewere kudimba, mumauza mwana kuti, "Matumba akadzaza ukaitane mwini ngolo." Apo mwangomusiyira dzina, nthawi yoitana aidziwa yekha. Koma mukafuula nokha mbandakucha makasu asanalowe m'nthaka, ngolo ibwera, ipeza palibe chonyamula, ng'ombe zibwerera chabe. Madzulo matumba ali mbwee, mwana uja alibe dzina loti aitane. Kuthamanga si kufika, ana inu.

JavaScript, chinenero chimene Brendan Eich anapanga mu 1995 ali ku Netscape, chimalola kuti function iperekedwe ngati katundu, monga momwe mumaperekera nambala. Mukalemba dzina lokha, mwapereka function yeniyeniyo kuti batani liisunge mpaka wina adine. Mukaika mabulaketi, mwailamula kuti igwire ntchito pompo, ndipo batani limalandira chimene yabweza. Ya mdzukulu wanga sinkabweza kanthu, chimene olemba mapulogalamu amati undefined, choncho batani linatsala chimanjamanja.

Msampha womwewu uli pa setTimeout. Mukalemba setTimeout(tumiza, 3000) uthenga udikira masekondi 3, koma mukaphatika mabulaketi pa tumiza, kudikirako kulibe.

Ndikudziwa chimene chimakukokerani kumabulaketi: mumafuna kuipatsa function mtengo uja. Ikulungeni mu ina, motere: () => tumiza(mtengo). Yakunjayo ndiyo imadikira, yam'kati imadzuka batani likadinidwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa dzina lililonse la function, imani kaye mudzifunse kuti woitana ndani, inu tsopano lino kapena batani nthawi ina. Mdzukulu wanga atafufuta timabulaketi tija, anandipatsa foni kuti ndidine ndine. Ndinalemba mtengo wa thumba, ndinadina, ndipo uthenga unapita kamodzi.