Kodi ameneyu ndi Kumalo wa Alan Paton?

Mu 1948, chaka chimene chipani cha National Party chinalowa m'boma ku South Africa, Alan Paton anatulutsa buku la Cry, the Beloved Country. Mwininkhani wake ndi Stephen Kumalo, wansembe wokalamba wa Anglican wa ku Ndotsheni, munthu wamantha amene akungotsika sitima ku Johannesburg n'kuberedwa ndalama ndi mnyamata wonamizira kukamugulira tikiti ya basi. Nanga Darrell Roodt ankaganiza chiyani popereka gawo limeneli mu filimu yake ya 1995 kwa James Earl Jones, chimphona cha mawu ngati bingu, amene chaka chapitacho anali Mufasa mu The Lion King? Alipo kamberembere wapasiteshoni amene angayerekeze kupusitsa munthu wotere?

Jones amasewera mwaluso, zimenezo sitikutsutsa. Amatsitsa mawu, amawerama, amalira. Koma ulemerero umamutsogolera asanayankhule n'komwe. Kumalo wa m'buku amalakwa: amazunza ndi mafunso mtsikana woyembekezera wa mwana wake Absalom, ndipo amanamiza m'bale wake John kuti amuopseze. Kodi woonera angakhulupirire nkhanza zotere pa nkhope imene wayamba kale kuigwadira?

Taonani zimene zimachitika ku Springs. Kumalo akugogoda pa khomo lakuseri kufunsa za mwana wa Sibeko, munthu wa kwawo, ndipo wotsegula ndi James Jarvis, bambo wa Arthur amene Absalom anamuwombera. Paton amationetsa zonsezi ndi maso a Jarvis, amene sakudziwa kuti mkuluyu ndani. Akungoona nkhalamba ikunjenjemera, ikukhala pansi, ndodo itagwa. Wowerenga ndiye akudziwa, ndipo mtima umawawira pomwepo. Koma mu filimuyi kamera imaika Jones ndi Richard Harris, wosewera Jarvis, pa muyeso umodzi, akatswiri awiri otchuka, nkhope iyi kenako iyo. Phompho la pakati pa mzungu mwini famu ndi munthu wakuda wapakhomo lakuseri lapita kuti? Aliyense amene agogo ake anapita ku Joni pa Wenela amadziwa kuti anthu awiriwa sankayang'anana m'maso chonchi.

Ndiye pali nyimbo za John Barry, yemwe uja anapata Oscar ndi Out of Africa. Zimayenda mokoma pamwamba pa mapiri obiriwira a ku Natal. Paton anatamanda mapiriwo, inde, koma kuti atitsitsire m'chigwa cha nthaka yofiira yokokoloka, mmene mwatsala nkhalamba, amayi ndi ana. Chigwa chimenecho chimafuna nyimbo zotonthoza?

Filimu ya buku lomweli ya Zoltan Korda ya 1951 ilibe mitundu, ndipo masewero ake ena ndi ouma. Komatu inajambulidwa m'nthawi ya tsankho, moti Canada Lee ndi Sidney Poitier analowa m'dzikomo ngati antchito a Korda. Kutopa kwa pa nkhope ya Lee, amene anamwalira mu 1952, n'kwa Kumalo weniweni, ndipo ife tikuti filimu imeneyi ndiyo ili pafupi ndi bukuli.

Ya 1995 inatuluka Nelson Mandela atangokhala chaka chimodzi pa mpando, anthu akufuna nkhani ya kukhululukirana, ndipo anaipeza. Koma ngati dziko linali litamasukadi, bwanji osewera a m'dzikomo Vusi Kunene ndi Leleti Khumalo anapatsidwa magawo am'mbali, magawo akuluakulu n'kupita kwa munthu wa ku America ndi wa ku Ireland?