Mlandu Suola, Ngakhale wa Zigawenga

Usiku wa pa 6 September 2022, zigawenga zinalowa pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Zinaombera Sisitere Maria De Coppi a chipani cha Comboni, amene anatumikira dzikolo kuyambira 1963, kenaka zinatentha tchalitchi ndi chipatala. Kumeneku si kutali, pakuti njanji yathu yopita ku Nacala imadutsa m'chigawo chomwecho. Tikamakambirana nkhani zotere, anzanga ena amati anthu amenewa angophedwa pomwe agwidwirapo. Ena amati ife Akhristu tingokhululuka basi. Ine ndikuti onsewa akusokera. Chigawenga chiyenera kuimirira pabwalo la milandu.

Koma bwalo lake liti? Ku The Hague kuli Bwalo la Milandu la Dziko Lonse, limene linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Rome la 1998. Limaweruza milandu ya mitundu inayi: kufuna kufafaniza mtundu wa anthu, nkhanza zazikulu zochitira anthu wamba, kuphwanya malamulo a nkhondo ndi kuukira dziko lina. Uchigawenga paokha mulibe, chifukwa maiko analephera kumvana tanthauzo lake. Amene boma lina likumutcha chigawenga, ena akumutcha womenyera ufulu. Kodi Nelson Mandela sanatchedwepo dzina lomwelo? Vuto lina n'lakuti si maiko onse analowamo. Malawi analowa mu 2002, pamene Mozambique anasaina chabe osalowamo.

Komabe njira ilipo. Mu 2016 bwaloli linalamula Ahmad al-Faqi al-Mahdi, wa gulu la Ansar Dine, kukhala m'ndende zaka 9 chifukwa chogwetsa manda opatulika a Asilamu ku Timbuktu m'dziko la Mali. Anamuzenga mlandu wophwanya malamulo a nkhondo, ndipo iye anavomera napepesa. Akanaphedwa m'chipululu, kupepesa kumeneku akanakumva ndani? Kumbukiraninso ndege imene inaphulitsidwa ndi bomba pamwamba pa tauni ya Lockerbie ku Scotland mu 1988, n'kupha anthu 270. Panapita zaka zoposa khumi, koma mu 2001 oweruza anapeza Abdelbaset al-Megrahi wolakwa namasula mnzake. Taonani ubwino wa bwalo: limamva mboni, limasiyanitsa wolakwa ndi amene palibe umboni womutsutsa. Mfuti siidziwa kusiyanitsa.

Nanga chikhululukiro? Papa Yohane Paulo Wachiwiri anaomberedwa ndi Mehmet Ali Ağca mu 1981. Mu 1983 anapita yekha kundende kukacheza naye ngati mbale, koma munthuyo anakhalabe m'ndende ya ku Italy mpaka 2000. Kukhululuka kumachotsa chidani mumtima, sikufafaniza mlandu. Ngakhale m'Sakramenti la Kulapa timayamba taulula machimo, ndipo pambuyo pake timachita mbwezo.

Choncho ndikupempha atsogoleri a maiko kuti akhale pansi ndi kumvana pa mfundo imodzi yosavuta: kupha dala anthu osalakwa pofuna kuopseza ena ndi mlandu, kaya wachita ndi ndani, kaya akuti akumenyera chiyani. Ndipo ife amene tikukonzekera unsembe tisaiwale kuti tsiku lina ofedwa adzagogoda pakhomo pathu. Tidzawaphunzitse kukhululuka, inde, koma tisadzawaletse kufuna chilungamo. Makolo athu sananame pamene anati mlandu suola.